Madzi a Masiku Asanu ndi Anayi

A Emmett Sorum anabadwa pa 14 Malichi 1944 pa famu ya bambo awo, mamailosi khumi ndi asanu ndi awiri kumpoto kwa Rudvik kuno ku Montana, ndipo anamwalira pa famu yomweyo pa 6 Novembala 2019. Ine ndakhala mlembi wa manda a mpingo wathu kuyambira 1983, ndipo m'mawa uliwonse kuyambira 1975 ndimalemba za nyengo: kuzizira, mphepo ndi kuya kwa chipale chofewa. Zimene ndikufotokoza pano, zina ndazitenga m'mabuku amenewo, zina ndinaziona ndi maso, ndipo zina anandiuza eni ake atakhala patebulo la kukhitchini kwanga.

Ng'ombe anali nazo monga wina aliyense kuno, koma ntchito imene anthu ankawadziwa nayo inali ya madzi. Ankakonza mapampu a zitsime ndi mathanki omwera ziweto. Chimene chinawapanga kukhala munthu wotero chinachitika mu Januwale 1978. Mkuntho wa chipale unawomba masiku asanu ndi limodzi, magetsi anazima, pampu inaima. Ng'ombe za bambo awo zitamva ludzu zinathyola mpanda n'kupita kumtsinje, madzi oundana anasweka, ndipo ng'ombe makumi anayi ndi imodzi zinamira. Kuyambira chaka chimenecho a Emmett anali ndi lamulo limene ankauza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe: madzi amatungidwa mitambo isanade. Wailesi ikangonena za mkuntho, ankadzaza chilichonse chimene chikanasunga madzi, mpaka miphika.

Akazi awo, a Ardis, anamwalira mu Ogasiti 2003. Anatsala ndi mwana mmodzi yekha, Marit, wobadwa mu 1981, ndipo pa dziko lonse lapansi panalibenso china chimene ankaopa kutaya koposa mwana ameneyu. Marit atakwatiwa ndi Curtis Dvorak mu 2007, a Emmett anawasiyira nyumba yaikulu n'kusamukira m'kanyumba ka antchito, tsidya lina la bwalo. Ankati masitepe akuwapweteka mawondo. Tonse tinkadziwa kuti ankangofuna kuti mwana wawo asapite kutali.

Chipatala chathu chinatseka mbali ya ochembeza mu 1998. Kuyambira pamenepo mayi woyembekezera ankayenera kuyenda mamailosi zana limodzi ndi khumi ndi awiri kuti akachire, kapena kuitana Mayi Lorna Vasek, mzamba yekhayo wa chiphaso m'dera lonse lino. Pofika 2011 Mayi Vasek anali atachiritsa amayi 143 m'makomo mwawo, 61 mwa iwo m'madzi. Anali ndi bafa lalikulu lopopa mpweya limene ankayenda nalo m'galimoto. Marit anagwa pa hatchi ali mtsikana ndipo msana unkamuvuta. Kunyumba kulibe mankhwala opha ululu ngati akuchipatala, choncho atakhala ndi pakati ananeneratu kuti akufuna kudzachirira m'madzi ofunda.

Nkhaniyi itafika pa sitolo ya zakudya za ziweto, pamene timamwera khofi Loweruka m'mawa, amuna sanawasiye a Emmett. Wina anafunsa ngati mdzukuluyo adzamuvuule ndi ukonde kapena ndi mbedza. Wina anati amugulire zipsepse m'malo mwa nsapato.

"Sekani, sekani," anatero a Emmett. "Bola iyeyo adzayamba ndi kusamba. Ena muli panonu madzi munawasiya nthawi ya ubatizo."

Mayi Vasek anafika pa famupo pa 19 Januwale kudzaona nyumba. Lamulo lawo pa za madzi linali lalifupi. Bafa lidzazidwe matenda akayamba, osati tsikulo lisanafike. Madzi achokere pampopi nthawi yomweyo, adutse m'paipi yatsopano imene iwo anabweretsa. Ndipo akatha maola asanu ndi limodzi atayidwe. Popeza Curtis ankagwira ntchito kumigodi ya mafuta n'kumabwera kunyumba pa masabata awiri aliwonse, udindo wolumikiza paipi ku thanki ya madzi otentha, m'chipinda cha pansi pa nyumba, unaperekedwa kwa a Emmett. Iwo anafunsa kuti nanga magetsi akadzazima zidzatha bwanji. Mayi Vasek anayankha kuti zikadzatero Marit adzachirira pabedi, monga anachitira amayi ake. A Emmett anayamba kufotokoza za 1978, koma mayiwo anawadula.

"Madala, nkhani ya ng'ombe zanu ndinaimva kanayi. Uyu si thole. Musandikonzere chilichonse, mwamva?"

"Ndamva, adokotala," anatero a Emmett, akuvula chipewa mwanthabwala.

Buku langa la nyengo likusonyeza kuti Lachitatu pa 2 Febuluwale 2011 kunazizira madigiri makumi awiri ndi asanu ndi atatu pansi pa ziro, ndipo wailesi inachenjeza za mkuntho. Pansi pa manambalawo ndinalemba mzere umodzi: "E. S. wabwereka choyezera kutentha kwa madzi." Ndimalemba chinthu chilichonse chotuluka m'nyumba mwanga, chifukwa anthu a kuno amaiwala kubweza. Ndinawafunsa ngati ng'ombe zawo zayamba kumwa tiyi. Anaseka, n'kunena kuti ndi za matole, ndipo sindinafunsenso.

Kuseri kwa nyumba yaikulu kunali shedi yofunditsiramo matole obadwa m'chisanu. Tsiku limenelo a Emmett anatsuka thanki yatsopano ya magaloni mazana atatu, anaidzaza ndi madzi a pachitsime, anaikamo chotenthetsera, n'kuivundikira ndi matabwa ndi mabulangete. Kawiri pa tsiku ankapita kukayeza, kuti madziwo akhale ofunda ngati thupi la munthu, osapitirira, osachepera. Sanauze aliyense. Marit anali atalemedwa kwambiri ndipo kushedi sankafikako. Pambuyo pake a Emmett anandiuza kuti madziwo anali oyera moti msomali utagwera pansi pa thanki ankauona bwinobwino, ndipo m'moyo wawo wonse madzi oyera chotero anali asanapweteke cholengedwa chilichonse.

Mkuntho unachedwa, unafika pa 10 Febuluwale. Mayi Vasek, poona mmene kunja kunalili, anabwera masana a tsiku lomwelo n'kugona konko. Curtis anatsekeredwa kuntchito chifukwa misewu inatsekedwa. Matenda anayamba m'mamawa wa Lachisanu pa 11, ndipo cha m'ma 8 koloko magetsi anazima. Jenereta ya pa famupo inkatha kuyendetsa pampu ya chitsime, nyali zingapo ndi chotenthetsera cha kushedi, koma thanki ya madzi otentha ya m'nyumba inali yoposa mphamvu zake. Mayi Vasek anauza Marit kuti za bafa aiwale. A Emmett anali pakhonde la kukhitchini, ndipo anamva mwana wawo akulira ndi msana, akupempha madzi. Anadikira mphindi makumi awiri. Kenako anagogoda n'kunena kuti apeza njira yoyatsira thanki ya pansi.

Chimene anachita n'chakuti anatulutsa paipi yatsopano ija pawindo la chipinda cha pansi, n'kuifikitsa kushedi. Kwa munthu amene anali m'nyumba, paipiyo inkakwera masitepe kuchokera pansi monga anagwirizanirana. Mayi Vasek anaima pamwamba pa masitepewo n'kufunsa ngati madziwo akuchokera pampopi.

"Pampopi, mayi," anayankha a Emmett.

Mwana anabadwa nthawi itangopitirira 1 koloko masana, wamwamuna, wa mapaundi asanu ndi atatu. Analira bwino. Anamutcha Anders. A Emmett anandiimbira foni madzulo ake, n'kundiuza kuti ndilembe m'buku langa kuti lero munthu wokonzekeratu wapambana mkuntho. Sindinamvetse chimene ankatanthauza, koma tsikulo ndinalilemba. Pa 13 anakhuthula thanki ija chifukwa ng'ombe ziwiri zinabereka ndipo malo ankafunika.

Pa 17 Febuluwale khanda linakana kuyamwa ndipo thupi linatentha. Mayi Vasek atamva kapumidwe kake analamula kuti apite kuchipatala nthawi yomweyo. Kumeneko anati ndi chibayo, n'kumutumiza pa ndege kuchipatala chachikulu cha mumzinda. Anders Dvorak anamwalira Lachinayi pa 24 Febuluwale, atakhala ndi moyo masiku khumi ndi atatu. Chifukwa cha chisanu, nthaka inali youma ngati mwala mpaka mapazi anayi kutsika pansi, choncho monga timachitira kuno, thupi linasungidwa kudikira kuti kufunde. Tinamuika Loweruka pa 16 Epulo. Milungu isanu ndi iwiri imeneyo Marit ankadya kamodzi pa tsiku, ndipo amene ankaphika chakudyacho anali bambo ake. Ankawoloka bwalo atanyamula mphika wa supu, n'kukhala naye pafupi. Marit anauza mayi wina wa kumpingo kuti pakanapanda bambo ake, bwenzi atatsatira mwana wake.

Madokotala anapeza kuti chibayocho chinayamba ndi tizilombo timene timaswana m'madzi. A zaumoyo anabwera kudzayeza chitsime ndi mipopi yonse ya m'nyumba, osapezamo kanthu. Atayeza katundu wa Mayi Vasek, anapeza tizilomboto m'kapampu kamene ankakhuthulira bafa. Zinaoneka ngati mzambayo sanatsuke bwino zida zake atachiritsa mayi wina mu Januwale. Chiphaso chawo chinaimitsidwa pa 21 Malichi, ndipo mlandu unaikidwa Lolemba pa 9 Meyi. Amayi asanu ndi awiri amene ankawadalira anayenera kukagona m'nyumba za alendo mumzinda kudikira tsiku lawo. Pa sitolo paja anthu anasiya nthabwala za ukonde. Tsopano ankati zinthu zachilendozi mapeto ake ndi amenewa. Mayi Vasek sanadziikire kumbuyo. Ankangonena kuti kapampuko anakatsuka, ndipo sakudziwa.

Lachiwiri pa 3 Meyi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, a Emmett anafika kwanga atanyamula choyezera changa chija. Ndinawathira khofi. Anatulutsa m'thumba pepala limene a zaumoyo anasiya kunyumba kwa Marit, lopindapinda moti linkang'ambika, n'kundilozera mzere umodzi. Unkanena kuti tizilomboti timachuluka kwambiri m'madzi osayenda amene asungidwa ali ofunda ngati thupi la munthu kwa masiku angapo, ndipo madzi oterowo amaonekabe oyera. Anati pepalalo analiwerenga pa 2 Epulo. Anali atakhala nalo mwezi wathunthu.

Anandipempha kuti nditsegule buku pa 2 Febuluwale. Nditawawerengera mzere uja, anawerenga masiku ndi zala mpaka pa 11, n'kunena kuti ndi asanu ndi anayi. Kenako anafotokoza zonse, mwadongosolo, ngati akufotokoza chimene chavuta pa pampu ya munthu wina.

"Alembi, thanki ndinaikhuthula kale. Palibe angadziwe," anatero. "Ndikangokhala chete, Lorna ataya ntchito, koma ine mwana wanga ndikhala naye. Ndikalankhula, mwanayo sadzandiyang'ananso. Ndine nkhalamba ine, achimwene. Ndatsala ndi ndani?"

Ndinawauza kuti sindingawasankhire, komanso kuti bukulo sindidzapita nalo kulikonse. Koma ndinawonjezera kuti wina akadzandifunsa, sinding'amba tsamba. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ankadziwa kuti ndiyankha choncho, ndipo n'chifukwa chake anabwera kwa ine osati kwa abusa, amene akanangowapempherera. Anati chimene chinkawasowetsa mtendere koposa chinali supu uja. Tsiku lililonse Marit ankawathokoza.

Anamuuza Marit Lachinayi pa 5 Meyi masana, Curtis ali pomwepo. Marit ankapinda zovala patebulo. Anamvetsera mpaka mapeto osasiya kupinda. Atamaliza, anafunsa funso limodzi lokha: ngati Mayi Vasek anawaletsa. A Emmett anavomera kuti anawaletsa, ndiponso kuti tsiku lobadwa mwanayo mayiwo anawafunsa za madziwo ali pamasitepe.

"Ndiye munanama, Ababa."

"Ndinanama, mwanawe. Unkalira."

"Musandiikemo ine," anatero Marit, motsitsa mawu. "Mwezi wonse mwakhala mukubwera ndi mphika muno, mukudziwa?"

Curtis anaimirira, n'kutsegula chitseko, n'kunena kuti apongozi atuluke kaye. A Emmett anatenga chipewa chawo n'kuwoloka bwalo.

Pa 9 Meyi ndinawaperekeza kumlandu pa galimoto yanga, ulendo wa maola asanu. Anavala suti imene anaikira maliro a akazi awo. Pamaso pa anthu asanu a bungwe loona za azamba anafotokoza kukula kwa thanki, mtundu wa chotenthetsera, ndi kutentha kumene ankapeza m'mawa ndi madzulo. A Emmett atandipempha, ine ndinapereka buku langa. Wapampando atafunsa chifukwa chimene anachitira zimenezi ataletsedwa, a Emmett anati kwawo munthu amene wadikira mkuntho kuti atunge madzi amamuyesa chitsiru, ndipo iwo ankaganiza kuti mayiwo sadziwa nyengo ya kuno. Panalibe amene anawatsegulira mlandu wa boma. Anati linali tsoka lobwera ndi kusadziwa.

Potuluka tinakumana ndi Mayi Vasek pakhonde. A Emmett anayamba kupepesa, koma mayiwo anatukula dzanja. Anati kwa milungu isanu ndi iwiri ankadzuka n'kumawerenga m'maganizo mmene anatsukira kapampu kaja, mpaka anayamba kukhulupirira kuti mwanayo anamupha ndi iwo. Kenako anati, "Mwachita bwino kubwera, madala. Koma musandifunse zambiri lero." Anatsika masitepe n'kupita.

Chiphaso chawo chinabwezedwa pa 6 Juni 2011. Anayambiranso ntchito, koma ndi lamulo latsopano: paipi ankalumikiza okha, ndi manja awo, ndipo nyumba imene thanki yake ya madzi otentha inali yaing'ono kapena yodalira magetsi okha, bafa silinkalowamo. Mafamu ambiri a kuno analephera muyezo umenewo. Pa amayi 38 amene anawachiritsa pambuyo pake, asanu ndi mmodzi okha ndi amene anachirira m'madzi. Anapuma ntchito mu 2015, ndipo mpaka lero palibe amene analowa m'malo mwawo.

Marit ndi Curtis anasamuka pa 30 Julayi 2011 kupita mumzinda. Pokweza katundu, a Emmett anaima pakhomo pa kanyumba kawo, ndipo palibe anawapempha kuti athandize kunyamula. M'nyumba yaikulu sanabwereremo. Ankangoitenthetsa m'nyengo yozizira kuti mapaipi asaphulike. Ntchito ya mapampu anaipitiriza mpaka 2016, ndipo anthu ankawaitanabe, chifukwa panalibe wina wodziwa zitsime zakale ngati iwo. Pa sitolo ankabwera, n'kukhala kumapeto kwa benchi.

Kwa zaka ziwiri Marit sanalembe kalata kapena kuimba foni. Mu Disembala 2013 kunabwera khadi la Khirisimasi lokhala ndi mayina awiri basi. Mu Epulo 2014 anabereka mwana wamkazi, Ingrid, kuchipatala, ndipo a Emmett anamva nkhaniyo kwa mlongo wake wa Curtis. Kuyambira chaka chotsatira Marit anayamba kuimba foni Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse. Ankafunsa za mawondo ndi za mtengo wa udzu wa ng'ombe, mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. A Emmett ankameta ndevu tsiku limenelo, ngakhale kuti pafoni munthu saoneka. Mdzukulu wawo anamuona katatu: pa 12 Juni 2016, pa 2 Sepitembala 2017 ndi pa 25 Meyi 2019. Maulendo onse atatu Marit ankabwera kudzaona manda a mwana wake, n'kuima pa famu ola limodzi. Ulendo wachitatu Ingrid anawagwira dzanja kuti akamuonetse matole, ndipo Marit sanaletse, koma anawatsatira pambuyo mpaka kukhola.

A Emmett ndinawafunsa kamodzi, mu 2018, ngati amanong'oneza bondo kuti analankhula. Anayankha kuti masiku ambiri inde. Anati akanakhala chete, bwenzi pano akudya nawo patebulo limodzi. Kenako anati sakudziwa ngati chakudyacho chikanatsika.

Anawapeza ndi mnansi wawo Lachitatu pa 6 Novembala 2019, atakhala pampando, nsapato imodzi itavulidwa. Dokotala anati ndi mtima. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu.

Marit anafika tsiku lotsatira, ndipo monga mwa udindo wanga ndinapita naye kumanda ndi mapu. A Ardis anagona kale pakati pa abale awo kumpoto kwa tchalitchi, kumene kunalibenso malo. Banja la a Sorum linali ndi malo atatu mumzere wachisanu ndi chiwiri: 13, 14 ndi 15. Anders anali pa 13. Ndinamufotokozera kuti mwa chizolowezi timadzaza motsatizana, choncho bambo ake akanagona pa 14, pokhapokha ngati iye akufuna zina. Ndinanenanso kuti kumzere wa kumpanda kuli malo ena, akafuna kuti akhale kutali.

Anaima manja ali m'matumba a jekete. Mphepo inali ya kumadzulo, yosaopsa.

"Kumpanda ayi," anatero. "Muwaike pa 15."

Ndinafunsa kuti nanga pa 14 ndilembepo chiyani.

"Lembanipo ine, amalume."

Tinawaika Loweruka pa 9 Novembala, nthaka isanaume. Panabwera anthu 84. Mayi Vasek anakhala kumbuyo, ndipo anachoka khofi asanaperekedwe. Marit anayenda kutsogolo kwa bokosi atagwira Ingrid dzanja, ndipo sanalire mpaka pamene zingwe zinayamba kutsika. Lolemba lake ndinalemba m'kaundula: 13, Anders Dvorak, 15, Emmett Sorum. Pa 14 ndinalemba dzina la Marit ndi pensulo, monga timachitira ndi amoyo.